Kodi zitsulo za m'makorali zimatiuza kuti madzi aipa?

Mayi wina wandilembera imelo kundifunsa kuti: "Ndamva kuti akatswiri amayeza zitsulo m'makorali. Kodi akazipezamo zambiri ndiye kuti madzi a pamalopo ndi oipa?"

Mayi, nthawi zina inde, koma zimatengera kuti ndi chitsulo chanji.

Makorali amaoneka ngati miyala, chonsecho ndi tinyama ting'onoting'ono tomwe timamanga chigoba cha laimu. Chigobacho chimakula chaka ndi chaka n'kumasiya mizere ngati ya m'thunthu la mtengo. Mtundu wa Porites umakula pafupifupi sentimita imodzi pachaka. Tinyamati tikamamanga, tizitsulo tomwe tasungunuka m'madzi timalowa nawo m'chigoba n'kutsekeredwa momwemo. Ndiye akatswiri akaboola korali wamkulu n'kuwerenga mizereyo, amaona mmene madzi analili zaka mazana zapitazo, kulibe aliyense woyeza.

Za mtovu n'zomveka bwino. Mu 1987, akatswiri Glen Shen ndi Edward Boyle anaonetsa kuti mtovu unkachuluka m'makorali a ku Bermuda, zilumba za m'nyanja ya Atlantic, mpaka m'ma 1970, kenako unayamba kutsika dziko la America litayamba kusiya petulo wothira mtovu. Tangoganizani, utsi wa magalimoto unkauluka ndi mphepo mpaka kukagwera pakati pa nyanja! Apa chitsulo chenichenicho ndicho chinali kuipitsa madzi.

Koma nkhani ya chitsulo chotchedwa barium ndi ina, ndipo ndi imene imandikhudza kwambiri. Mu 2003, Malcolm McCulloch ndi anzake anayeza korali wa ku Great Barrier Reef, dera lalikulu la makorali ku Australia, kufupi ndi pomwe mtsinje wa Burdekin umathira m'nyanja. Anapeza kuti kuyambira cha m'ma 1870, azungu atabweretsa ng'ombe ndi nkhosa m'deralo, matope okokoloka anachuluka kasanu mpaka kakhumi. Si barium amene amapha makorali ayi. Iye amangobwera ndi matope a mumtsinje. Chosautsa ndi matopewo, chifukwa amatchinga dzuwa, pomwe ndere zokhala m'thupi la korali zimafuna kuwala kuti zimupangire chakudya. Munthu wongoona nambala ya barium osadziwa izi angalimbane ndi chitsulo, vuto lili kumtunda komwe nthaka yasiyidwa pambalambanda.

Palinso zomwe chigoba sichingakuuzeni. Mkuwa, womwe umapezeka mu penti yopaka kunsi kwa sitima, ngakhale utachepa chotani poyerekeza ndi madzi a m'nyanja, ukapitirira pang'ono mlingo wake umalepheretsa mazira a makorali kukhala ndi moyo. Korali amene sanabadwe sasiya mzere woti wina adzawerenge. Ndipo makorali akuluakulu amene akatswiri amaboola ndi aja anapirira. Ofooka anafa kale.

N'chifukwa chake, Mayi, mukamva kuti apeza zitsulo m'makorali a pamalo ena, funsani kuti ndi chitsulo chiti, chili m'mizere ya zaka ziti, komanso ngati anayezanso madzi enieniwo ndi mnofu wa korali wamoyo.