Kodi "banzai" ndi mfuu ya nkhondo?

Mphunzitsi wina wafunsa kuti: "Pomasulira nkhani ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndapeza asilikali a ku Japan akufuula kuti banzai. Kodi ndilembe kuti ankati 'tiwaphe'?"

Aphunzitsi, chonde musalembe choncho, chifukwa m'mawu amenewa mulibe zakupha ngakhale pang'ono. Banzai amatanthauza "zaka 10,000", ndipo wofuulayo amakhala akufunira munthu kapena dziko moyo wautali. Anthu a ku Japan anawatenga ku China, kumene ankati wansui polonjera mfumu yaikulu, pamene ku Korea mawu omwewo amatchulidwa kuti manse.

Mwambo wofuula mawuwa pagulu, umene lero amauchita katatu manja onse ali m'mwamba, unayamba kukhazikika pa 11 February 1889, tsiku limene mfumu Meiji inapereka malamulo oyendetsera dziko, pamene khamu linafuulira ngolo yake mumzinda wa Tokyo. Za nkhondo zinabwera pambuyo pake. Asilikali a ku Japan akapanikizidwa ankathamangira adani awo akufuula kuti "Tennoheika banzai", kufunira mfumu yawo moyo iwo eni akupita kukafa, monga zinachitikira pa chilumba cha Saipan mu July 1944. Asilikali a ku America ankangomva ngati mfuu yothira nkhondo, motero m'Chingerezi mawuwa anafala ndi tanthauzo lochita chinthu mosaopa imfa. Tanthauzo lopotoka limeneli sitiyenera kulilowetsa m'Chichewa, makamaka tikakumbukira kuti pa 1 March 1919 anthu a ku Korea anafuula manse popanda zida m'manja, pofuna ufulu wawo kuchokera ku Japan komweko.

Masiku ano ku Japan wandale akapambana chisankho, omutsatira amafuula banzai, ndipo mu 2019 nduna yaikulu Shinzo Abe inatsogolera mfuuyi pamwambo wolonga ufumu Naruhito.

Tsono inu lembani banzai monga alili, popeza sanakhazikike m'chiyankhulo chathu kuti tiwasinthe kalembedwe, ndipo pamene awonekera koyamba fotokozani kuti asilikaliwo ankati "mfumu ikhale ndi moyo wautali". Ophunzira akavutikabe, akumbutseni mmene Angoni amanenera kuti "Bayethe" pamaso pa Inkosi. Matanthauzo ake ndi osiyana, koma onsewo ndi mawu a ulemu opita kwa mfumu.