Apongozi akufuna kukwera phiri la Vaishno Devi: tiyambire pati?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Limbe amene anakwatiwa m'banja lachihindu. Apongozi ake aakazi, a zaka 71, anawinda pamene mwana wawo ankadwala kuti akachira adzapita kukathokoza kukachisi wa Vaishno Devi, mulungu wamkazi wa Ahindu, ku India. Mwanayo anachira, ndiye bambo wa m'nyumbamo lero, koma chowindacho chikadalipo. Tsopano agogowo akuti chaka chino chisathe, ndipo asankha mpongozi wawoyu kuti awaperekeze. Mafunso ake ndi atatu: "Ine ndine Mkhristu, kodi akandilola kulowa? Amayiwa mawondo amawavuta, akakwera bwanji? Nanga tipite mwezi uti?"

Achemwali, funso loyambalo lisakusowetseni tulo. Pakhomo palibe amene amafunsa za mpingo wanu. Ine ndinakwera phirili m'mwezi wa Novembala ndili pasukulu ku India, ndi banja la mnzanga wa m'kalasi, ndipo chimene anandifunsa ndi pasipoti basi. Kugwada kapena kusagwada m'phanga lopatulika la kachisiyu ndi nkhani ya chikumbumtima chanu. Ine ndinangoima mwaulemu n'kudutsa. Chachikulu n'chakuti ulendowu ndi wa apongozi anu, ndipo chilichonse mukonze poyang'ana miyendo yawo ndi mtima wawo.

Kachisiyu ali pa mapiri a Trikuta, m'chigawo cha Jammu ndi Kashmir, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,580. Ulendo wapansi umayambira m'tauni ya Katra, makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Jammu. Mukatera ku Delhi, sitima ya Vande Bharat imakafika ku Katra m'maola pafupifupi 8, ndipo kwa munthu wamkulu imeneyo ndiyo yabwino kuposa basi. Musanagule matikiti a ndege, funsani za khadi la katemera wa yellow fever, chifukwa njira zathu zambiri zimadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi ndipo India sachita chibwana pankhaniyi. Mudziwenso kuti simu khadi yogulira mayunitsi imene mungagule ku Delhi sigwira ntchito ku Jammu ndi Kashmir, choncho mugwirizaniretu pokumanira mukatayana.

Za mwezi. Apongozi anu mwina adzatchula Navratri, masiku asanu ndi anayi olemekeza mulungu wamkaziyu, amene amachitika cha m'Malichi kapena Epulo, kenako cha m'Sepitembala kapena Okutobala. Kwa iwo imeneyi ndiyo nthawi yopatulika, ndipo musawayankhe mopepuka. Komabe ine ndikanakhala inu ndikanawachonderera. Mu 2024 malowa analandira anthu oposa 9 miliyoni, ndipo pa Navratri mzere wake ndi woti munthu wa mawondo ofooka sangaupirire. Chaka chatsopano nachonso ayi: pa 1 Januwale 2022 anthu 12 anafa atapondana pafupi ndi kachisi. Julayi ndi Ogasiti ndi dzinja lawo, mapiri amagumuka. Mu Ogasiti 2025 nthaka inakwirira anthu oposa 30 panjira yokwerera phirili pafupi ndi malo otchedwa Ardhkuwari, ulendo n'kuimitsidwa kwa milungu ingapo. Disembala ndi Januwale kumazizira mpaka chipale. Kwa ine, Novembala kapena kumayambiriro kwa Malichi, pakati pa sabata, ndiye nthawi yabwino.

Mukafika ku Katra choyamba ndi kulembetsa. Bungwe loyang'anira kachisiyu, Shri Mata Vaishno Devi Shrine Board, limene linakhazikitsidwa mu 1986, limapatsa aliyense khadi la RFID lovala m'khosi. N'laulere, ndipo popanda ilo simudutsa pachipata cha Ban Ganga. Zipinda zogona, helikopita ndi tigalimoto ta batire, zonse muzisungitsa pa webusaiti ya bungwelo, osati kwa anthu okuimitsani pamsewu.

Tsopano mawondo aja. Kuchokera ku Katra kukafika ku Bhawan, pamene pali phanga lopatulika, ndi makilomita pafupifupi 13 a chitunda chokhachokha. Njirayo ndi yowaka, malo ambiri ili ndi denga, usiku imayaka magetsi, ndipo madzi akumwa, zimbudzi ndi tizipatala zilipo. Wamphamvu amayenda maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Amene sangathe amakwera hatchi, kapena kunyamulidwa pamachila ndi amuna anayi. Kumeneko machilawo amawatchula palki. Helikopita imatenga mphindi zosakwana 10 koma imakutulani ku Sanjichhat, ndipo pamatsalabe makilomita awiri ndi theka. Kukachita chifunga siuluka, ndiye musaikepo mtima wonse.

Apa ndiye pofunika kukhala pansi ndi apongozi anu musananyamuke. Afunseni kuti powinda paja ananena chiyani kwenikweni. Ena amawinda kukafika, ena amawinda kuyenda ndi mapazi awo. Mukangowagulira tikiti ya helikopita osawafunsa, mwina mudzawalanda chinthu chimene achisunga mumtima zaka makumi atatu. Ngati akufuna kupondako ndithu, pali njira ya Tarakote imene inatsegulidwa mu 2018. Ndi yotalikirapo pang'ono koma chitunda chake n'chofatsa, ilibe masitepe ndipo mahatchi saloledwa, ndiye palibe wokugundani. Akhoza kuyenda mbali imene angathe, kenako kuchokera ku Ardhkuwari, pakatikati pa ulendo, n'kukwera kagalimoto ka batire mpaka ku Bhawan. Masitepe odulira njira muwapewe, ngakhale aoneke aafupi.

Sindiiwala gogo wina amene tinayenda naye limodzi usiku umene ndinakwera phirili. Anali wopanda nsapato, ndodo yansungwi m'manja, kansalu kofiira ka mphonje zagolide atamanga pamphumi. Akayenda masitepe makumi awiri amaima, n'kugwira chitsulo cha m'mbali mwa njira, mpweya uli wefuwefu. Gulu lililonse lotsika likamuona limafuula kuti "Jai Mata Di!", mawu otamanda mulunguyu ngati Mayi, iye n'kuyankha ndi timawu tonjenjemera, kenako n'kunyamukanso. Mdzukulu wake sanamufulumizitse ngakhale kamodzi. Anangomunyamulira botolo lamadzi n'kumayenda kumbuyo kwake. Ntchito yanu, achemwali, ndi imeneyo.

Ku Ardhkuwari kuli kaphanga kopapatiza kotchedwa Garbh Joon. Amakhulupirira kuti mulunguyu anabisalamo miyezi isanu ndi inayi, monga mwana m'mimba, pothawa Bhairon Nath amene ankamuthamangitsa. Kulowamo n'kokwawa, ndipo kudikira nambala yanu kumatha kutenga maola ambiri. Kwa agogo a zaka 71 ndikanati apereke ulemu panja n'kupitirira.

Ku Bhawan musanalowe mumzere mumasiya nsapato, lamba wachikopa, foni ndi kamera m'maloka aulere. Kokonati ya nsembe amailandira pakhomo n'kukupatsani kachizindikiro koti mukaitengere potuluka. M'bandakucha ndi madzulo kumakhala mapemphero otchedwa aarti, ndipo mzere umaima kwa nthawi ndithu, choncho apongozi akhale ndi juzi ndi masokosi. Pansi pamazizira koopsa.

Ndikuuzenitu chimene mukaone, kuti musakadabwe. M'phangamo mulibe fano losema. Muli timiyala titatu tachilengedwe totchedwa pindi, toimira milungu yaikazi Maha Kali, Maha Lakshmi ndi Maha Saraswati, tokutidwa ndi maluwa ndi nsalu zofiira. Wansembe amakulozerani, alonda amati yendani, ndipo zonse zimatha m'masekondi ochepa. Amayi a mnzanga uja anatuluka misozi ili chuchuchu. Anandiuza kuti kumeneko munthu sapita mwa kufuna kwake, amapita Mayi, kutanthauza mulunguyo, akamuitana. Inu mukakhale kumbuyo kwa apongozi anu, muwagwire pachigongono ndi kuwatchinga kuti asakankhidwe, maso awo aone bwino timiyalato.

Ulendo sumathera pamenepo. Nthano imati Bhairon Nath atadulidwa mutu analapa, ndipo mulunguyo anamulonjeza kuti ulendo wa aliyense sudzakwanira asanafike pamene panagwera mutu wakewo. Kachisi wa Bhairon ali pamwamba penipeni, pachitunda choimirira. Mwamwayi kuyambira mu Disembala 2018 pali ngolo yoyenda pachingwe imene imakufikitsani m'mphindi zochepa. Imayenda masana okha, ndiye mukonze zoti mukhale mwatuluka m'phanga dzuwa likadalipo.

Zakudya n'zopanda nyama ku Katra konse, mowa kulibe, ndipo malo ambiri saika ngakhale anyezi ndi adyo. Mpunga wa nyemba zofiira, umene amautchula rajma chawal, mudzaudya ngati muli kwanu. Mankhwala a apongozi a BP kapena shuga akhale m'chikwama chanu cha m'manja, ndipo akaonane ndi dokotala musanagule tikiti iliyonse.

Kutsika kumapweteka mawondo kuposa kukwera, ndiye ndalama ya machila muisungire pobwerera. Ku Katra mugone masiku atatu: lofika, lokwera, ndi lina loti agogo aviike mapazi m'madzi ofunda musanakwerenso sitima ya ku Delhi.