Phiri la Zomba tsiku limodzi: sankhani mbali imodzi basi

Achemwali, mwafunsa ngati zingatheke kukwera phiri la Zomba wapansi, kuona madamu, Emperor's View (malo oonerapo patali) ndi Chingwe's Hole (dzenje lakuya la paphiripo) zonse tsiku limodzi, komanso kogona. Za kogonazo akuyankhani ena, ine ndikamba za miyendo.

Awa akuti "zonse mumaliza pofika 3 koloko" ndikukayika ngati anatsikako m'galimoto. Emperor's View ili kum'mawa, Chingwe's Hole ili kumadzulo kwenikweni kuyang'ana chigwa cha Shire, pakatipo ndi mtunda osati masewera. Sankhani mbali imodzi. Ine ndingati tengani ya madamu: yambirani pa Mulunguzi Dam, mukwere motsata mtsinje kudutsa pa trout farm (malo owetera nsomba) mpaka Williams Falls, kenako Chagwa Dam, mukathere pa Queen's View ndi Emperor's View, pomwe anafika Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965. Kukakhala koyera mumaona tauni yonse pansi, nyanja ya Chilwa, ngakhale Mulanje patali. Pa Chagwa ndi pomwe ndimakonda, phee, mitengo ya paini kuzungulira, dyerani nkhomaliro pamenepo koma chikwama chisakhale chotsegula, anyani akumeneko alibe manyazi.

Njira ya Potato Path yochokera m'tauni ndi yotsetsereka zedi, mukaiyamba wapansi mufika pa hotelo ya Ku Chawe pamwamba pa phiri mawondo atatha kale ulendo usanayambe. Kwerani kabaza kapena takisi mpaka pamwamba, mphamvuzo musunge.

Koma nkhani yaikulu ndi gaidi. Ife tinatengana ndi mnyamata wina amene anatipeza panjira nkuti amadziwa shotikati ya ku Chingwe's Hole, mwezi wa June umenewo, dzuwa lili bwinobwino. Itangokwana cha m'ma 2 chiperoni chinagwa, chifunga choti munthu ali apa osamuona, ndiye kumtunda kuja tinjira ta anthu ocheka matabwa ndi tambirimbiri tofanana tokhatokha, mnyamata uja anangoyamba "ndi uku... ayi ndi uku", netiweki palibe, mnzathu wina atavala ma slip-on akungoterereka m'matope, zovala zonse zanyowa, mano akugundana. Anatipulumutsa ndi amayi ena osenza nkhuni amene tinawatsatira mpaka kumsewu kutada kale. Ndipo dzenje lija lilibe mpanda, m'chifunga mutha kungolowamo. Ndiye tengani gaidi wodziwika, funsani pa Ku Chawe akulozerani, mugwirizane mtengo musananyamuke. Konzani ndalama ya gaidiyo pa gulu, mitengo ikusintha daily.

Nyamukani 7 isanakwane, pofika 4 mukhale mukutsika. Juzi ndi jekete ya mvula musasiye ngakhale kutauni kukutentha bwanji, nsapato zikhale zogwira pansi, madzi malita awiri aliyense, foni yodzaza. Pa Mulunguzi osasambira, ndi madzi amene Zomba imamwa, komanso ndi ozizira koopsa. September ndi October kumakhala utsi wa moto wa m'tchire, Chilwa simuiona bwino, nthawi ya mvula njira zimaterera.

Ndalama zikhale za cash zing'onozing'ono. Ma strawberry ogulitsa m'mbali mwa msewu mugule pobwerera osati popita, afika ataphwanyika m'chikwama, ndipo mtengo woyamba umene akutchulireni musavomere.