Kodi mphodza imafuna feteleza wobereketsa?

Mayi wina wa ku Mitundu wanditumizira imelo yofunsa chifukwa chake mphodza yawo, yomwe anaithira yureya wotsala ku chimanga, inachita masamba obiriwira bwino koma n'kubereka pang'ono.

Mayi, chimene chinakusokeretsani ndi dzina. Yureya timamutcha wobereketsa chifukwa cha ntchito yake pa chimanga, koma mphodza ndi ya m'gulu la nyemba ndipo imadzipezera yokha nayitirojeni, chakudya cha mbewu chimene yureya amapereka. Mukazula tsinde limodzi mosamala patatha mwezi chimerere, mudzaona timibulu tomatirira ku mizu. Mmenemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa rhizobium, tomwe timatenga nayitirojeni wa mumpweya n'kupatsa mbewuyo. Mufinye kambulu kamodzi ndi chikhadabo: ngati mkati mwake muli mofiirira, ndiye kuti kakugwira ntchito. Yureya ali ndi magawo 46 pa 100 a nayitirojeni, ndipo mbewu ikampeza wambiri chonchi m'nthaka imaleka kupanga timibuluto, imangochulutsa masamba, maluwa amachedwa, mwinanso imagwa pansi. Kwa mbewu yokhwima m'masiku 60 mpaka 75, kuchedwa kotereku n'kutaya zokolola.

Sikuti nayitirojeni ndi wosafunika konse. M'masabata oyamba, timibulu tisanayambe ntchito, makilogalamu pafupifupi 20 pa hekitala amathandiza kuti mbewu idzuke ndi mphamvu.

Chimene mphodza imachisowa kwambiri ndi fosifolasi, amene amakulitsa mizu, amadyetsa timibulu tija, ndiponso amathandiza kuti maluwa agwire ndi njere zikhwime. Nthaka yofiira ya katondo, yomwe ndi yofala kuno ku Lilongwe, imamugwira fosifolasi mwakuti mizu imavutika kumutenga, komanso iye sayenda ndi madzi monga achitira nayitirojeni. N'chifukwa chake ayenera kukwiriridwa tsiku lobzala, pambali pang'ono pa mbewu koma osaikhudza. Kumuwaza pamwamba mbewu itakula kale n'kungotaya ndalama.

Ine ndikadasankha feteleza wa DAP, wa 18:46:0 (manambalawa ndi magawo pa 100 a nayitirojeni, fosifeti ndi potashi; fosifeti ndiye muyeso wa fosifolasi mu feteleza). Matumba awiri a makilogalamu 50 pa hekitala amapereka makilogalamu 18 a nayitirojeni ndi 46 a fosifeti, zomwe zikukwanira mbali zonse ziwiri. Pa ekala imodzi ndi makilogalamu 40, thumba losadzaza. Feteleza wa chimanga wa 23:21:0+4S, amene ambiri tinamuzolowera, pa mulingo womwewo amapereka fosifeti wosafika theka la ameneyu. Ngati munda wanu wakhala ukulandira feteleza wa chimanga zaka zambiri, mufunse alangizi za kuyezetsa nthaka ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze musanagule, chifukwa mwina fosifolasi wotsalira alimo kale.