Anandigwira nditamwa pa chiwongolero: ndikavomere kapena ndikakane?

Kalata iyi yabwera pa imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Machinjiri. Dzina ndalibisa, ndipo ndaidula kuti isatalike:

"Lachisanu usiku ndikuchokera ku Kamba ndinagunda wakabaza chakufupi ndi Ginnery Corner. Sanavulale kwambiri, bondo ndi chigongono basi, koma njinga yake inaphwanyika kutsogolo. Apolisi a pamsewu atafika anandiuza kuti ndiuzire kachipangizo kawo kaja, n'kunena kuti mowa wapyola muyezo. Ndinagona m'chitokosi, Loweruka masana anandipatsa belo. Akuti ndikaonekere kukhoti Lachinayi likudzali. Ndinangomwa Girini atatu okha. Chibadwire sindinalowepo m'khoti. Kodi akandimanga? Ndikavomere kapena ndikakane? Ntchito yanga ndi yoyenda ndi galimoto ya kampani, akalanda laisensi ndiye ndathera pompo. Mnzanga wina akuti akudziwa munthu amene angasowetse failo ndikapereka kangachepe."

Achimwene, ndiyamba ndi mnzanuyo, chifukwa pa zonse zili m'kalatayi woopsa kwambiri ndi iyeyo.

Mlandu umene muli nawo lero ndi wa pamsewu. Mukangotulutsa ndalama kuti failo isowe, mwadziwonjezera wina wa ziphuphu, ndipo lamulo la Corrupt Practices Act limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Umenewo ndi waukulu kuposa wa mowawo. Komanso madobadoba oterewa ambiri alibe ndi mphamvu yomwe pa failo. Adya ndalama yanu, akuuzani kuti zatheka musapite, Lachinayi dzina lanu liitanidwa m'khoti inu muli ku ntchito. Majisitireti akaitana dzina osayankhidwa amatulutsa chikalata choti mumangidwe, belo ija yafa, ndipo mukagwidwa mlandu mukaudikirira ku Chichiri pa limandi. Mlandu suwola. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo ndalama iliyonse ya boma imene mungapereke pa nkhaniyi iyenera kutuluka ndi lisiti la boma, GR ija. Wina akafuna ndalama popanda lisiti, dziwani kuti ikupita m'thumba mwake.

Tsono za Girini atatuwo. Ndikunena mosabisa: mfundo imeneyi musakaidalire. Lamulo la pamsewu la 1997, Road Traffic Act, pa gawo 128, silifunsa kuti munamwa mabotolo angati kapena ngati munkadzimva kuti muli bwinobwino. Limaletsa kuyendetsa galimoto mutaledzera, ndiponso kuyendetsa mowa utafika magalamu 0.08 pa mamililita 100 a magazi. Mabotolo atatu omwewo amamukhudza mosiyana munthu wonenepa amene wadya nsima ya kanyenya ndi wochepa thupi amene wamwera mimba ili pululu. Chiwindi chimachotsa mowa pa liwiro lake lomwe, botolo limodzi lingatenge ola kapena kupitirira, ndipo khofi, madzi ozizira kumaso kapena chingamu sizichifulumizitsa. N'chifukwa chake ena amagwidwa m'mawa akupita ku ntchito ndi matsire a dzulo. Ndipo mukakaimirira n'kunena kuti "ndinangomwa atatu", mwavomera kale ndi pakamwa panu kuti munamwa musanagwire chiwongolero.

Chinanso chimene simunachitchule: poti panali ngozi, n'kutheka kuti milandu ndi iwiri. Gawo 126 la lamulo lomwelo ndi la kuyendetsa galimoto mosasamala. Lisanafike Lachinayi, pitani kupolisi kumene anakupatsani belo mukafunse wapolisi woimira boma pa mlanduwo kuti akukuzengani milandu iti, ndipo ku khoti liti. Mu Blantyre muno makhoti a majisitireti ndi angapo, ena ali ku Limbe, ndiye munthu akhoza kukhala m'mawa wonse pa benchi ya khoti lolakwika dzina lake likuitanidwa kwina. Kapepala ka belo kaja kawerengeni bwino, mukajambule pa foni, kenako mukasunge pouma.

Tsikulo fikani molawirira, mutavala ngati mukupita kukafunsira ntchito, foni mutazimitsa. Mukapeza anthu ambirimbiri pakhonde: amayi ali ndi tizikhonteina ta nsima podikira abale awo ochokera ku limandi, anyamata omangidwa unyolo awiriawiri, apolisi atanyamula mafailo omanga ndi chingwe. Kudikira n'kwakutali, ndipo nthawi zina mlandu umangoimitsidwa n'kupatsidwa tsiku lina. Zikatero lembani tsikulo pomwepo. Dzina lanu likaitanidwa mukalowa m'kabokosi kaja. Chilankhulo cha khoti ndi Chingerezi, koma pali womasulira, ndipo Malamulo aakulu a dziko lino pa gawo 42 amakupatsani ufulu wozengedwa mlandu m'chilankhulo chimene mukumva. Ngakhale mutadziwa Chingerezi cha mu ofesi, ine ndinganene kuti sankhani Chichewa. Chingerezi cha m'khoti chili ndi timakona, ndipo palibe amene amapatsidwa mamalikisi poyankhula chizungu ali m'kabokosi.

Pa funso lanu lalikulu, lovomera kapena kukana, dziwani kaye mmene zimayendera. Mlandu amauwerenga, n'kukufunsani ngati mwaumva, kenako ngati mukuuvomera kapena kuukana. Mukavomera sizithera pomwepo. Woimira boma amaimirira n'kulongosola zimene akuti zinachitika: nthawi, malo, nambala imene kachipangizo kanaonetsa, mmene wakabaza anavulalira malinga ndi lipoti la kuchipatala. Akamaliza, majisitireti amakufunsani ngati zonsezo zili zoona. Apa ndi pamene anthu ambiri amadzipweteka, chifukwa mantha amawachititsa kuti angoti "inde bwana" kuti zithe msanga. Tcherani khutu. Ngati akunena kuti munathawa pamalo a ngozi pamene inu munaima, nenani. Ngati akunena kuti munthuyo anathyoka mwendo pamene anangosupuka bondo, nenani. Chilango chimachokera pa zimene mwavomerazo. Mukatsutsa mfundo imene ili pamtima pa mlanduwo, khoti limalemba kuti mwakana, ndiye boma liyenera kubweretsa mboni. Ndipo ngati milandu ndi iwiri, uliwonse umayankhidwa pawokha. Mukhoza kuvomera wa mowa n'kukana wa kuyendetsa mosasamala, ngati, mwachitsanzo, wakabazayo analowa mumsewu mwadzidzidzi alibe nyali.

Kukana ndi ufulu wanu. Udindo wotsimikizira khoti kuti munalakwa ndi wa boma, inu simukakamizidwa kudziikira umboni wokumangitsani. Pali mafunso oyenera amene loya angafunse: anakuyezani nthawi yanji chichitikire ngozi, ndani anakuyezani, nambala munaiona ndi maso anu kapena munangouzidwa, inalembedwa pati. Koma mwa zimene mwandilemberazi, ine maganizo anga ndi awa: ngati munamwadi, munayendetsa, nambala munaiona, ndipo pali munthu wovulala amene adzabwera kudzaonetsa zipsera, kukana kongofuna kuyesa mwayi kumakudyerani miyezi ya kupempha tchuthi ku ntchito, ndipo pamapeto mumataya chinthu chimodzi chimene muli nacho m'manja. Makhoti athu amachepetsako chilango kwa munthu amene wavomera msanga osatayitsa nthawi. Dziwaninso kuti amene wavomera yekha sangadzachite apilo yoti sanalakwe, apilo yake imakhala ya chilango basi. N'chifukwa chake ndikuti musanasankhe muonane ndi loya, ngakhale kamodzi kokha, mutanyamula kapepala ka belo. Ngati thumba silikulola, bungwe la boma la Legal Aid Bureau lili ndi ofesi mu Blantyre, ndipo limathandiza amene sangathe kulipira loya likaunika kapezedwe kawo. Lachinayi likafika musanaonane ndi aliyense, mukhoza kupempha khoti kuti likupatseni nthawi yopeza loya musanayankhe mlandu.

Akakumangani? Lamulo limalola chindapusa, ndende, kapena zonse ziwiri, ndiye palibe munthu woona mtima amene angakulonjezeni kuti ndende n'zosatheka. Koma pali chinthu chimene chili mbali yanu. Lamulo la kazengedwe ka milandu, Criminal Procedure and Evidence Code, pa magawo 339 ndi 340, limauza majisitireti kuti munthu wolakwa koyamba asamutumize kundende pokhapokha ataona kuti palibenso njira ina yoyenera, ndipo zifukwa zake azilembe. Njira zinazo ndi chindapusa, chilango choimikidwa pambali malinga ngati simulakwanso pa nthawi imene akuikirani, kapena ntchito yothandiza anthu ngati kusesa pa chipatala kapena pa sukulu. Kwa wolakwa koyamba amene sanaphe munthu, sanathawe, ndipo wavomera, chindapusa ndicho chimayembekezeka kwambiri.

Msampha uli pa chindapusa pomwepo. Chigamulo chimabwera chonchi: alipire zakuti, kulephera apo akakhale kundende miyezi yakuti. Munthu amene wabwera yekha, m'thumba muli ya minibasi yokha, akhoza kukwera galimoto ya ku Chichiri masana omwewo chifukwa chosowa womuthamangira. Choncho musapite nokha. Tengani akazi anu kapena m'bale wodalirika amene ali ndi ndalama pafupi, woti akaime pa mzere wolipirira inu mukudikira. Ngati akazi anu simunawauze, auzeni lero. Ndi bwino amve kwa inu kusiyana ndi kumva pa foni ya wapolisi.

Chigamulo chisanaperekedwe, woimira boma amanena ngati munapalamulapo kale, kenako amakupatsani mpata wodandaula. Pafupifupi aliyense amanena mawu amodzimodzi: ndili ndi ana, ndimasamala amayi okalamba, mundikhululukire. Majisitireti wawamva mawu amenewa kuyambira m'mawa. Inu mukapite ndi zooneka. Kalata ya ku ntchito yosonyeza kuti mumadya za chiwongolero. Malisiti a mankhwala amene munagulira wakabazayo ku Gulupu kapena ku famase, ndi a makaniko amene wakonza njinga. Mukanene kuti munaima, simunalimbane ndi apolisi, munauzira kachipangizo osavuta, ndipo pa belo mwabwera kukhoti mosakakamizidwa. Musakamunene wakabazayo pa nthawi imeneyi, ndipo musakati aliyense amamwa Lachisanu.

Za wakabazayu ndiimepo pang'ono, chifukwa m'kalata yanu wangopatsidwa mzere umodzi, pamene laisensi yanu yapatsidwa mtima wonse. Munthu ameneyu njinga ija mwina si yake, amapereka ya tsiku kwa mwini wake. Chiyambire Lachisanu sakugwira ntchito, bondo latupa, mwini njinga akumufunsa. Kusiyana kwa mlandu wanu ndi wa kupha munthu pa ngozi kunali masentimita ochepa chabe. Mukamuone. Mupite ndi munthu wachikulire, mupepese, muthandize zimene mungathe, ndipo chilichonse mwapereka chilembedwe pa pepala onse n'kusainira. Chimene simuyenera kuchita ndi kumupempha kuti asabwere kukhoti kapena asinthe mawu. Kumeneko ndi kusokoneza mboni, ndi mlandu pawokha ndipo kungakulanditseni belo. Dziwaninso kuti ngakhale iye atakukhululukirani, mlandu wa mowawo ndi wa boma, sangautseke iyeyo. Ndipo iye ali ndi ufulu wokasuma payekha kuti alandire chipepeso, kaya inu mwalipira kale chindapusa ku boma.

Apa ndi pamene inshuwalansi imalowa. Simunanene ngati galimoto ya usikuwo inali yanu kapena ya kampani. Ngati ndi yanu, dziwitsani a inshuwalansi msanga, poti amafuna kuuzidwa ngozi ikangochitika. Muwerenge timalemba ting'onoting'ono ta pa pepala lawo: mapolise ambiri amakana kukonza galimoto ya mwini wake ngati woyendetsa anali atamwa. Ngati inali ya kampani, abwana anu auzeni nokha asanamve kwa ena, ndipo mulimonsemo mufunika kalata yawo ndi chilolezo cha Lachinayi.

Laisensi: khoti lili ndi mphamvu yoiimitsa kwa kanthawi kapena kuifafaniza. Ngati ntchito yanu yagona pamenepo, nenani zimenezo podandaula, chigamulo chisanatuluke, osati pambuyo. Akaiimitsa, musayerekeze kukatenga ina ku Road Traffic ponamizira kuti yatayika, ndipo musayendetse mpaka nthawiyo itakwana. Kugwidwa kachiwiri ndiye simulinso wolakwa koyamba, chitetezo cha magawo aja chakuchokerani. Kumbukiraninso kuti kupezeka wolakwa m'khoti kumalembedwa, ndipo kungadzatulukire pamene mukufuna chikalata cha kupolisi chofunsira ntchito kapena viza.

Chilango chikakulira kuposa mmene mukuonera kuti n'koyenera, apilo imapita ku High Court, ku Chichiri komweko, koma muyenera kulemba kalata yosonyeza kuti mukufuna kuchita apilo pasanathe masiku 10 chigamulo chitaperekedwa. Masiku amenewa amatha msanga, ndiye ngati pali chodandaula funsani kalaliki wa khoti tsiku lomwelo musanatuluke pa geti.

Lachinayi galimoto muisiye kunyumba, mukwere minibasi. Laisensi ikakaimitsidwa m'mawawo, simungathe kuyendetsa pobwerera ku Machinjiri.