Tigalimoto toyenerana ndi sitima ya pathabwa: ndikuyankha bambo a ku Chilomoni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Chilomoni. Mchimwene wawo amene amagwira ntchito ku Joni anawabweretsera kasitima koyendera magetsi, ndipo pa katoni yake palembedwa kuti HO. Iwo anayala njanji pa chitseko chakale, anamanga siteshoni ya makatoni, n'kulambula kamsewu kodutsa njanjiyo. Zinthu zinasokonekera atayika tigalimoto ta mwana wawo pamsewupo. Alemba kuti: "Kagalimoto kamodzi kakungotsala pang'ono kulingana ndi bogi, moti zonse zikuoneka ngati masanje. Kodi muno mu Blantyre ndingapeze kuti tigalimoto ndi timalole toyenerana ndi sitimayi? Kapena ndingoitanitsa kunja?"

Bambo, zikomo pondilembera. Maso anu sanakunamizeni ayi, tigalimototo takuliradi. Koma musanatulutse ndalama iliyonse, pezani kaye rula.

Mawu akuti HO akutanthauza kuti chilichonse chachepetsedwa ka 87, ndipo amalemba 1:87. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji yanu ndi mamilimita 16.5. Tigalimoto timene ana ambiri ali nato, monga ta Hot Wheels timene kampani ya Mattel inayamba kupanga mu 1968, timakhala cha m'ma 1:64. Tengani minibasi ya Toyota HiAce, yomwe ndi yaitali pafupifupi mamita 4.7. Pa 1:87 iyenera kukhala mamilimita 54, pamene pa 1:64 imafika 73. Papepala kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma mukaiimika pafupi ndi bogi diso limakana nthawi yomweyo.

Ine ndimayenda ndi kamunthu m'chikwama cha ndalama. Ndinakadula kuchokera ku katoni ya sopo, kutalika kwake mamilimita 20, womwe ndi msinkhu wa munthu wa mamita 1.7 pa sikelo ya HO. Ndikapeza kagalimoto pamsika ndimakaimika kamunthuko pachitseko chake. Ngati ndi galimoto yaing'ono, denga liyenera kufika cha m'phewa. Ngati ndi minibasi, denga lipitirire mutu pang'ono. Kamunthu kanga kakaoneka ngati mwana wa sitandade 1 pambali pa galimotoyo, ndimangoibweza pamulu. Dulani kanu lero lomwe, kadzakupulumutsirani ndalama zambiri kuposa malangizo ena onse amene ndalemba munomu.

Tsopano nkhani yabwino. Kampani ya Lesney Products ya ku London itayamba kupanga tigalimoto ta Matchbox mu 1953, cholinga chinali chakuti chidole chilichonse chikwane m'kabokosi konga ka machesi. Mwambo umenewu sunathe, ndipo makampani enanso anautengera: kaya ndi galimoto yaing'ono, lole kapena basi, zonse zimatalika pafupifupi masentimita 7. Ndiye ganizani. Lole yeniyeni ya mamita 6 ikafinyidwa kukhala masentimita 7, mukagawa 6000 ndi 70 mupeza 86. Imeneyo ndi HO ndithu! Choncho pa mulu womwe uja umene tigalimoto tating'ono tikukukanani, malole, mathanka a mafuta, galimoto zozimitsa moto ndi zogumula misewu zambiri zikukuyenerani. Mabasi okha ndi amene amapitirira muyeso: basi ya mamita 12 ikalowa m'masentimita 7 imafika cha m'ma 1:170, ndiye imaoneka yonyentchera pafupi ndi sitima yanu.

Muzitembenuza kagalimoto n'kuwerenga kunsi. A Majorette, kampani ya ku France, amadinda mawu ngati "ECH 1/60" kapena "1/100". A Tomica a ku Japan amalemba "S=1/64" ndi zina zotero. Matchbox zambiri nazonso zili ndi nambala yake. A Siku a ku Germany ali ndi gulu la malole ndi mathirakitala opangidwa pa 1:87 penipeni, ndipo mukakumana nalo musazengereze. Nambala iliyonse ya pakati pa 76 ndi 100 mungathe kuigwiritsa ntchito.

Nanga zimapezeka kuti? Tigalimoto topangidwira njanji za HO si katundu wa m'mashelefu athu. Masitolo akuluakulu a ku Chichiri amakhala ndi ta 1:64, ndipo masitolo a zidole za pulasitiki a mu Limbe amakhala ndi topanda nambala, tomwe timafuna rula. Kumene ine ndapeza zambiri ndi pa kaunjika: mumsika wa Limbe, wa Blantyre ndi ku Ndirande. Pali mabelo ena amene amakhala a zidole zokhazokha. Mayi amene ndimawagula kawirikawiri amakhuthula belo lawo pa chiguduli, pamwamba pamakhala tiana ta pulasitiki toduka mikono ndi zimbalangondo za thonje, ndipo anthu ambiri amangosankha pamenepo n'kumapita. Zachitsulo zimamira pansi. Muyenera kunjuta, kupisa mkono mpaka m'chigongono, n'kumamvera kulemera ndi kuzizira kwa chitsulo. Tsiku lina ndinavuula kathanka ka mafuta ka Majorette, penti atakanganuka mbali imodzi, tayala limodzi litapindikira mkati. Kunsi kwake kunali 1/100. Ndinawongola tayalalo ndi pulayala, ndipo lero kamaima kuseri kwa siteshoni yanga ngati kakudikira kutsitsa dizilo.

Muzolowerane ndi ogulitsa mmodzi kapena awiri. Muwaonetse kamunthu kanu, muwafotokozere kuti mukufuna malole achitsulo ngakhale okalika, ndipo muwasiyire nambala kuti akuuzeni tsiku lotsegula belo. Ogula ena amathawa zokalika, inu ndi zimene mukufuna, chifukwa mudzazipentanso. Musanenerere mtengo mpaka kuwakhumudwitsa, chifukwa ndi iwowo amene adzakusungireni chabwino chikadzatuluka.

Za kuitanitsa kunja, n'zotheka koma muyambe mwawerengera. Nthawi zambiri ndalama yotumizira imaposa mtengo wa kagalimoto, kenako pali msonkho polowa m'dziko muno, komanso mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Poti muli ndi mchimwene ku Johannesburg, kumene kuli masitolo ogulitsa zinthu za masewera amenewa, ndi bwino azikutengerani akamabwera, makamaka zogwiritsidwapo kale ntchito zimene amagulitsa pamulu. Pa intaneti palinso timapaketi totchipa ta tigalimoto ta pulasitiki timene akatswiri ojambula mapulani a nyumba amayika pa zitsanzo zawo, ta 1:87 kapena 1:100. Si tokongola, koma todzazira malo oimikapo galimoto kumbuyo timathandiza.

Mukafuna zapamwamba, mayina odziwika pa 1:87 ndi Wiking, Herpa, Busch ndi Brekina, onse a ku Germany. Ntchito yawo ndi yosalala, koma chiwongolero chimakhala kumanzere ndipo magalimoto ambiri ndi oti sanapondepo msewu wa Chileka. Ine mtima wanga uli pa 1:76, sikelo ya ku Britain yotchedwa OO, imene sitima zake zimayenda pa njanji yomweyo ya mamilimita 16.5. A Oxford Diecast amapanga Land Rover, Morris Minor ndi malole a Bedford, chiwongolero kumanja ngati kwathu kuno, magalimoto amene makolo athu ankakwera. N'zoona kuti ndi okulirapo pang'ono poyerekeza ndi HO, koma mukapanda kuwagundanitsa ndi a 1:87 palibe angazindikire. Kwa ine Bedford yokulirapo pang'ono ikuposa galimoto yolondola muyeso koma yachilendo.

Pali chinthu china chimene ndikufuna muchiganizire mofatsa, chifukwa chinasintha mmene ine ndimaonera masewerawa. Sitima ya HO imatsanzira njanji za ku Ulaya ndi ku America, zomwe mpata wake ndi mamilimita 1435. Njanji yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1067, ngati ya ku South Africa, Zambia ndi Mozambique. Ndi mpata womwewo kuyambira pamene Shire Highlands Railway inafika mu Blantyre mu 1908, pamene njanji inakafika ku Salima mu 1935, ndi pamene inatsegulidwa ya ku Nayuchi yolowera ku Nacala mu 1970. Tsopano gawani 1067 ndi 16.5. Mupeza 64 ndi kanthu pang'ono. Kunena kwina, njanji imene mwayala pa chitseko chanu ija, mukaitenga ngati njanji ya ku Limbe, sikelo yake ndi 1:64, ndipo tigalimoto ta mwana wanu ndi tolondola. Cholakwika pamenepo ndi sitimayo, chifukwa yachepa.

Anzathu a ku New Zealand, omwenso njanji yawo ndi 1067, anazindikira zimenezi kalekale. Amamanga sitima zawo pa 1:64 n'kumaziyendetsa pa njanji ya HO, ndipo amazitcha Sn3½. Ife tingathe kuchita chimodzimodzi: kusunga mota ndi mawilo a sitima imene muli nayo, n'kumanga pamwamba pake thupi lokulirapo la pulasitiki kapena katoni yolimba, lofanana ndi injini ndi mabogi amene timawaona akudutsa ku Ndirande. Ndi ntchito ya miyezi, sindikubisirani, ndipo simuyenera kuyamba nayo lero. Koma phindu lake n'lakuti msika wonse wa Limbe umasanduka sitolo yanu. A Tomica anapangapo HiAce, Probox ndi Sienta, magalimoto omwewa amene adzaza Masauko Chipembere Highway, ndipo onse ali pafupi ndi 1:64. Mukapeza mpata mupite ku Chichiri Museum mukaime pafupi ndi injini yamalasha yakale imene ili panja paja. Mukaone mmene thupi lake latambalalira kupitirira njanji, mbali zonse ziwiri. Maonekedwe amenewo ndiwo amasiyanitsa sitima yathu ndi ya ku Germany.

Kaya mutsata njira iti, sankhani nyengo imodzi. Ngati mukufuna zaka za m'ma 1970, pamsewu payende Peugeot 404, Volkswagen, Land Rover, Bedford ndi basi ya kampani ya United Transport Malawi (UTM). Ngati ndi za m'ma 1990, mukumbukira mabasi osanja a Stagecoach amene ankayenda mumzinda muno. Ngati ndi lero, ndiye maminibasi, akabaza ndi mathiraki onyamula makontena. Sienta ikaima pafupi ndi injini yamalasha, ngakhale mlendo wosadziwa za sitima amaona kuti china chake sichili bwino.

Mukapeza kagalimoto, ntchito yangoyamba kumene. Kunyezimira ndiko kumachititsa kuti kaoneke ngati chidole. Kakwecheni pang'ono ndi sandipepa wosalala, kapakeni penti wosawala, matayala akhale otuwa osati akuda bii. Kenako perani choko chofiirira ndi kachidutswa ka makala, mupake fumbilo ndi kaburashi kouma m'munsi mwa zitseko, pa matayala ndi kumbuyo. Minibasi ikhale yoyera, nambala yake yofiira, chitseko chakumbuyo chomangidwa ndi ulusi chifukwa cha katundu. Pa lole ikanipo matumba: njere za mpunga zokulungidwa m'kapepala kofewa zimaoneka ngati matumba a chimanga. Kontena ya mafiti 20 mungaipange nokha ndi katoni, mamilimita 70 m'litali, 28 m'lifupi, 30 kupita m'mwamba pa HO. Ndipo musaiwale kuti kuno timayenda kumanzere. Ndaonapo anthu atamanga bwinobwino koma atatengera zithunzi za kunja n'kuika magalimoto onse kumanja.

Njinga za kabaza musavutike n'kuzifuna kunja. Funsani mnyamata aliyense m'dera lanu amene amadziwa kupinda galimoto zamawaya. Mupatseni waya wopyapyala wa kopa wochokera m'mota yakupsa, mumuuze kuti njinga isapitirire masentimita awiri, ndipo mumulipire bwino. Zala za ana amenewa zimachita zimene zathu sizingathe, ndipo mwana wanunso angapeze gawo lake pamenepo m'malo mongouzidwa kuti asakhudze.

Msewu wanu ukhale wa mamilimita 80 m'lifupi, 40 mbali iliyonse, ndipo musaudzaze. Loweruka lina mukaime pafupi ndi mlatho wa njanji wa ku Wenela, muone mmene maminibasi amaimira mokhota, ena chitseko chili pululu, wina akukweza dengu la tomato. Magalimoto asanu oyikidwa motero amakwanira pa chitseko chimodzi.

Kagalimoto kaja kanakukhumudwitsani musakataye. Kayikeni kutsogolo kwenikweni, m'mphepete mwa thabwa, kutali ndi njanji. Malole a 1:87 akhale pakati pafupi ndi siteshoni, ndipo a 1:100 ndi mabasi ang'onoang'ono aja apite kumbuyo kwenikweni, kuphiri. Kenako gwadani, diso lanu likhale pa mulingo wa thabwa, muyang'ane chopingasa. Mudzaona msewu ukutalika ngati ukulowera ku Lunzu. Mukayesa mundilemberenso, ndipo mundiuze dzina limene ladindidwa kunsi kwa injini yanu, chifukwa ngati ndi la kampani ya Hornby ya ku Britain, sitimayo itha kukhala ya 1:76 ngakhale pa katoni palembedwa HO, ndipo zikatero kamunthu kanu kayenera kukhala ka mamilimita 22.