Mwana wanga akufuna kudzafufuza za zinyalala za nyukiliya, ayambire pati?

Kholo lina lafunsa kuti: "Mwana wanga wamkazi ali Folomu 4 ndipo akufuna kudzafufuza za uranium yotha ntchito mu reactor. Maphunziro amenewa alipo?"

Alipo, bambo, koma khomo lake ndi Chemistry wamba. Akhoze bwino Chemistry, Physics ndi Masamu pa MSCE, atenge digiri ya Chemistry, monga ya ku University of Malawi ku Zomba, ndipo alimbikire physical chemistry ndi electrochemistry. Za nyukiliya zenizeni zimayambira pa masters, kunja kwa dziko.

Ntchitoyo ndi yotere. Mu reactor, makina otulutsa mphamvu poswa uranium, mumalowa timibulu ta uranium dioxide, totalika pafupifupi sentimita imodzi. Uranium ikamasweka imabala zinthu zina. Cesium ndi iodine zimasamukira m'ming'alu ndi kunja kwa kam'bulu, choncho madzi akadzalowa m'malo osungiramo timibulu totha ntchito, zoyamba kukokoloka ndi zimenezi. Mphamvu ya cesium-137 imatsika ndi theka pa zaka 30, pomwe ya iodine-129 imatenga zaka pafupifupi 16 miliyoni. Radiation, cheza choopsa chochokera m'timibulumo, nayo imaswa madzi n'kupanga hydrogen peroxide, yomwe imasandutsa uranium ya mtundu wa U(IV) kukhala ya mtundu wa U(VI), yosungunuka msanga. Chosangalatsa n'chakuti tizitsulo ta molybdenum, technetium, ruthenium, rhodium ndi palladium timaundana m'timibulumo, ndipo pakakhala hydrogen timachepetsa kusungunukako. Finland, yomwe yakumba malo okwiriramo zinyalalazi otchedwa Onkalo, akuya mamita oposa 400, imadalira kafukufuku wotereyu.

Zonsezi zimachitikira pamwamba penipeni pa kam'bulu. Makina a XPS, oyezera pamwamba pa zinthu pogwiritsa ntchito X-ray, amawerenga mananomita pafupifupi 10 okha a pamwambapo (milimita imodzi ili ndi mananomita miliyoni), ndiye sampulo ikangokhudzana ndi mpweya wapanja, oxygen imasintha pamwambapo ndipo zotsatira zimanama. N'chifukwa chake amagwirira ntchito mu glovebox, bokosi lotsekedwa lokhala ndi magolovesi, lodzaza mpweya wa argon. Ophunzira ambiri amayambira pa SIMFUEL, timibulu tofanizira topanda radiation yochuluka, pakuti tenitenito timagwiridwa mu hot cell basi, chipinda cha makoma ochindikala otchinga radiation.

Musasokoneze ndi Kayelekera ku Karonga: kumeneko amakumba miyala ya uranium, ndipo Malawi alibe reactor. Kwathu kuno luso limeneli lingamulowetse ku Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe la boma loyang'anira za radiation, kapena ku ntchito yoyeza madzi ndi dothi pafupi ndi mgodi. Uranium yotha ntchito (spent fuel) yapafupi ili ku South Africa, ku ma reactor a ku Koeberg ndi ku reactor ya SAFARI-1 ya ku Pelindaba. Kafukufuku wozama ali ku Manchester ndi Sheffield ku UK, ndi ku Karlsruhe ku Germany.

Za ndalama, IAEA, bungwe la padziko lonse loona za nyukiliya, inakhazikitsa Marie Sklodowska-Curie Fellowship mu 2020, yolipirira amayi masters ya nyukiliya. Kuti fomu yake idzamveke, pulojekiti ya chaka chomaliza asankhe yokhudza dzimbiri kapena momwe zitsulo zosungunuka m'madzi zimamatirira pa dongo.